Pa fomu ya sukulu lembani Chichewa, musabise mwana

Mlongo wanga atafika ndi ana ake kuno ku England mu 2023, ine ndi amene ndinamuperekeza kukalembetsa mwana wake wamkulu sukulu. Ndinapita ngati malume, komanso ngati munthu wokhalitsa kuno, woti zinthu amazidziwa. Mtsikanayo anali ndi zaka khumi, atangomaliza Sitandade 4 pa sukulu ya boma kumudzi. Kuno mwana samuika kalasi poona imene wakhoza, amangoona zaka zake, choncho anamulemba Year 6, kalasi yomaliza ya pulayimale. Mayi wa mu ofesi anatipatsa fomu ya masamba angapo: dzina, tsiku lobadwa, dokotala wa banja, zakudya zimene mwana sadya. Chakumapeto kunali funso lofuna kudziwa chiyankhulo choyamba cha mwana. Mlongo wanga anaimika cholembera n'kundiyang'ana.

"Achimwene, apa ndilembe chiyani?"

"Lembani English basi," ndinayankha mosaganizira n'komwe. "Mukalemba Chichewa amuyesa mbuli, akamuponya ku kalasi ya ana osatha."

Malangizo amenewo anali anga, ndipo anali olakwika. Ndikudziwa kuti si ine ndekha amene ndinawaperekapo. Amamveka pa magulu athu a WhatsApp, kutchalitchi, ngakhale pa maliro tikamacheza panja. Chiyambireni 2022, pamene boma la Britain linatsegula viza ya ntchito yosamalira okalamba ndi odwala, mabanja ambiri ochokera ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe anabwera ndi ana, mpaka mu Malichi 2024 pamene analetsa ogwira ntchitoyi kubweretsa mabanja awo. Ana amenewo ali m'makalasi lero. Ena mwa iwo, pa mapepala a sukulu, ndi ana oyankhula Chingerezi chibadwire.

Sukulu za boma ku England zimazindikira mwana wophunzira Chingerezi ngati chiyankhulo chowonjezera kudzera pa funso lomwe lija. Unduna wa zamaphunziro umati mwana ali m'gulu limeneli, lotchedwa EAL mwachidule, ngati anakula akumva chiyankhulo china kunyumba ndipo akuchimvabe. Yankho la kholo ndi limene limalowa m'kaundula wa ana a sukulu amene boma limasonkhanitsa katatu pachaka. Pa mndandanda wa ziyankhulo zimene sukulu ingasankhepo, Chichewa chilipo. Ana olembedwa m'gululi ndi oposa 1.6 miliyoni, kutanthauza mwana mmodzi mwa asanu alionse. Si gulu la ana osowa kapena odabwitsa ayi. M'masukulu ena a ku London, Birmingham, Leicester ndi Bradford, iwowo ndi amene ali ambiri m'kalasi.

Ndiye ife tinalemba English. Sukulu inatikhulupirira, nanga ikanakana bwanji? Malawi ndi dziko limene Chingerezi ndi chiyankhulo cha boma. Mwanayo ankatha kupereka moni, kunena dzina lake, kupempha kupita kuchimbudzi, kuthokoza. Pa msonkhano woyamba wa makolo ndi aphunzitsi anatiuza kuti ndi mwana wabwino, waulemu, wofatsa kwambiri. Tinabwerako tikumwetulira. Sitinadziwe kuti kufatsa kumene ankayamikirako kunali kusamva. Mwana wa kwathu akapanda kumva sakweza dzanja. Amagwetsa nkhope, amakopera zimene zili pa bolodi mwaukhondo, ndipo akafunsidwa ngati wamva amati eya. Tinamulera choncho ife tomwe.

Ndinazitulukira tsiku lina Loweruka, pa tebulo la kukhitchini. Anali ndi homuweki ya masamu. Masamu ogawa a manambala ataliatali anawaswa mofulumira kuposa ine, mpaka ndinachita manyazi. Atafika pa funso la mawu anaima. Linali la mnyamata amene anali ndi mapaundi khumi, n'kugula buku ndi cholembera, ndipo linkatha ndi mawu akuti "How much does he have left?" Anakhala chete nthawi yaitali, akutafuna pensulo. Kenako anafunsa motsitsa mawu:

"Amalume, ndiye kuti ndalama zinazo anaziika ku dzanja lamanzere?"

Iye liwu loti "left" ankalidziwa bwino, analiphunzira ali Sitandade 2 poimba ndi kuguba: kumanzere, kumanja. Panalibe amene anamuuzapo kuti liwu lomwelo limatanthauzanso zotsala. Nditamuuza kuti akufunsa chenji, anaseka n'kulemba yankho nthawi yomweyo. Tinayang'ana m'kope lake lonse. Paliponse pamene panali manambala okha, anakhoza. Paliponse pamene panali nkhani, anali ndi zolemba zofiira. Ndipo sukulu, poona zofiirazo, inali itamuika kale pa gulu la ana ovutika masamu, kumene ankawerengetsa timiyala tapulasitiki ndi ana osatha kuchulukitsa ndi 3. Chinthu chimene ndinkathawa polemba English chija n'chimene chinachitika, ndipo chinachitika chifukwa cha English yemweyo.

Zimenezi akatswiri anazifotokoza kalekale. Jim Cummins, wofufuza wa ku Canada, anasiyanitsa Chingerezi cha macheza ndi Chingerezi cha maphunziro. Atayang'ana zotsatira za ana obwera m'dzikomo a mumzinda wa Toronto, anaonetsa kuti cha macheza mwana amachigwira m'zaka pafupifupi ziwiri, koma cha m'mabuku chimamutengera zaka zisanu mpaka zisanu ndi ziwiri kuti afanane ndi anzake obadwira m'chiyankhulocho. Apa ndi pamene makolo timapusitsika. Pakatha miyezi isanu ndi umodzi mwana wayamba kuyankhulira m'mphuno ngati Mngerezi, akukangana ndi anzake pa foni, akutikonza ife katchulidwe. Timati basi, wafika. Koma mupatseni ndime ya sayansi yofotokoza mmene madzi amasandukira nthunzi, kapena funso la mbiri yakale lofuna kuti ayerekeze maumboni awiri, muone mmene angasowere pogwira. Mawu ngati "although", "whereas", "unless" samveka pa bwalo la masewero, koma ndi amene amanyamula funso la mayeso.

Komabe ndisanamize anthu kuti kulemba Chichewa pa fomu kumathetsa zonse. Dongosolo la ku England lili ndi bowo lalikulu, ndipo bowolo analiboola ndi a boma eni ake. Dzina loti EAL silinena chilichonse za mmene mwana amadziwira Chingerezi. M'thumba limodzi muli mwana wa dokotala wa ku India wobadwira ku Manchester, amene amawerenga mabuku atatu pa mlungu, ndi mwana wothawa nkhondo ku Sudan amene wafika mwezi watha asanagwirepo pensulo. Mukaphatikiza zotsatira zawo n'kupeza pakatikati, zimaoneka ngati ana a EAL akuchita bwino mofanana ndi anzawo, mwinanso kuposa. Andale amakonda chiwerengero chimenecho chifukwa sichiwapempha ndalama. Zili ngati kunena kuti mudzi wonse wakhuta chifukwa nkhokwe ya amfumu ndi yodzaza.

Mu 2016 unduna unachita chinthu chanzeru. Unalamula sukulu zonse kuti mwana aliyense wa EAL azimuyeza n'kumuika pa makwerero asanu, kuyambira A, mwana woyamba kumene Chingerezi, mpaka E, wochidziwa bwinobwino. Kwa nthawi yoyamba dziko likanadziwa kuti ndi ana angati amene akufunikadi thandizo ndipo ali kuti. Mu 2018 lamulolo analichotsa. Ku Wales makwerero omwewo akugwirabe ntchito, ndipo n'chifukwa chake Steve Strand wa ku yunivesite ya Oxford ndi anzake anatha kutsatira ana kwa zaka zambiri pogwiritsa ntchito kaundula wa kumeneko. Anapeza kuti chimene chimalosera zotsatira za mwana ndi pamene ali pa makwereropo, osati dzina loti EAL, ndiponso kuti ambiri oyambira pansi zimawatengera zaka zoposa zisanu ndi chimodzi kuti afike pamwamba. Ofika pamwambawo nthawi zambiri amaposa ngakhale ana oyankhula Chingerezi chokha. Umboni ulipo, chida chilipo, koma ku England kuyeza kunasanduka nkhani ya kufuna kwa ahedi. Sukulu ina imagwiritsa ntchito ndondomeko yoyezera ya bungwe la Bell Foundation, ina ili ndi yakeyake, ina siyeza n'komwe.

Amene anagwirizana ndi kuchotsa lamuloli amati aphunzitsi ali kale ndi mapepala ambiri odzaza, ndipo ambiri sanaphunzitsidwe kayezedwe kotere, choncho manambala ake sankadalirika. Mfundoyo ili ndi mutu. Koma sikelo ya kuchipatala ikamanama, timaikonza kapena kuphunzitsa woyeza, sitisiya kuyeza ana.

Ku ndalama nakonso n'chimodzimodzi. Kale kunali thumba lapadera lothandizira ana a mitundu yochepa, lotchedwa EMAG, limene makhonsolo ankalipirira aphunzitsi odziwa ntchito imeneyi oyendera masukulu. Mu 2011 thumbalo analithira m'ndalama zonse za sukulu, ndipo magulu ambiri a akatswiri aja anabalalika. Lero sukulu imalandira kandalama kowonjezera pa mwana wa EAL, koma kwa zaka zitatu zokha zoyamba chilowereni sukulu za boma, ndipo palibe chokakamiza ahedi kuti aigwiritse ntchito pa mwanayo. Ingathe kupita ku denga lodontha. Zaka zitatu za ndalama pa ulendo wa zaka zisanu ndi chimodzi kapena kuposa: ameneyo ndi woyendetsa bwato wokutsitsa pakati pa Shire n'kukuuza kuti tsidya lija ukuliona.

Wina anganene kuti, ngati zinthu zili choncho, bwanji osangolemba English n'kupewa dzina lopanda phindu? Ndipo mantha a makolo sindiwanyoza, chifukwa ali ndi mizu. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, ana ambiri a mabanja ochokera ku Caribbean anaponyedwa m'masukulu a ana amene ankati ndi ochepa nzeru, mwa zina chifukwa cha kayankhulidwe kawo. Ana a Amwenye m'madera ngati Southall ndi Bradford ankakwezedwa mabasi kupita ku masukulu akutali kuti asachulukane pamodzi. Ku Calderdale, dera la kumpoto kwa England, ana ankawapatula m'malo apadera ophunzirira chiyankhulo, mpaka mu 1986 bungwe loona za kusankhana mitundu linagamula kuti kumeneko n'kusala. Posachedwapa, pakati pa 2016 ndi 2018, sukulu zinkafunsanso dziko limene mwana anabadwira ndi unzika wake, pa nthawi imene zinadziwika kuti unduna wa zamaphunziro unkapereka zina za m'kaundula wa ana ku Home Office, unduna woona za anthu olowa m'dziko. Munthu amene viza yake ili m'manja mwa bwana mmodzi sakonda mafunso. Zonsezi n'zoona.

Koma taonani chimene chimachitika mwana akabisidwa. Vuto lake silichoka, limangosintha dzina. Mphunzitsi akaona mwana amene pepala likuti ndi woyankhula Chingerezi koma sakumva malangizo, sakumaliza ntchito, sayankha m'kalasi, amafuna chifukwa china. Amayamba kuganiza za ubongo wochedwa, za makutu, za ulesi, za mavuto akunyumba. Lamulo la ku England la 2014 lokhudza ana ndi mabanja limanena momveka kuti mwana asatengedwe ngati wovutika kuphunzira pa chifukwa chokhacho chakuti chiyankhulo cha kusukulu n'chosiyana ndi cha kunyumba. Chitetezo chimenecho n'chabwino, koma chimagwira ntchito ngati sukulu ikudziwa kuti kunyumba kuli chiyankhulo china. Ife tikalemba English timachivula tokha. Mbali inanso ndi yowawa chimodzimodzi: mwana amene alidi ndi vuto la kuwerenga amatha kukhala zaka akungonenedwa kuti Chingerezi chibwera. Njira yosiyanitsira ziwirizi ndi kumuyesa m'chiyankhulo chake. Ngati akuwerenga Chichewa mosadodoma, vuto si maso kapena mutu.

Titabwerera kusukulu kuja kukakonza fomu, ndinapita ndi kabuku ka Chichewa ka Sitandade 4 kamene mwanayo anabwera nako m'chikwama. Mphunzitsi wake, mayi wachifundo koma wotopa, wa ana makumi atatu, anavomera kuti tiyese. Mtsikana amene kwa miyezi itatu sanamvekepo mawu m'kalasi anawerenga tsamba lonse mokweza, akusintha mawu pamene nkhani yafika pa agogo, akuima pa mpumiro uliwonse. Mayiyo sanamve liwu ndi limodzi lomwe, koma anaona. Anandifunsa kuti ana kwathu amayamba liti kuphunzira m'Chingerezi. Ndinamufotokozera kuti ngakhale lamulo la maphunziro la 2013 linati Chingerezi ndicho chophunzitsira, m'masukulu ambiri a boma makalasi oyambirira amayendabe m'Chichewa, ndipo Chingerezi chenicheni chimamugwera mwana ku Sitandade 5, kumene uyu anali asanafike. Anagwira pakamwa. Panalibe amene anamuuzapo, ndipo akanauzidwa ndi ndani ngati ife eni ake tinatseka pakamwa?

Zimene anachita pambuyo pake sizinali zodula. Anamuchotsa pa gulu la timiyala lija n'kumukhazika ndi ana okhoza masamu, oyankhula bwino, kuti azimva Chingerezi chabwino tsiku lonse. Lachisanu lililonse ankatitumizira mawu khumi kapena khumi ndi awiri a phunziro la mlungu wotsatira, kuti tikambirane kunyumba m'Chichewa asanakumane nawo m'kalasi. Ankamupatsa ziganizo zoyamba kale kuti iye amalize, ndi zithunzi pambali pa mawu atsopano. Akamufunsa funso ankadikira pang'ono, osathamangira kwa wina. Thandizo labwino limaoneka chonchi: mwana ali m'kalasi ndi anzake, akuphunzira sayansi yomweyo ndi mbiri yomweyo, koma wapatsidwa pogwira. Kumutulutsa tsiku lonse kukaloweza mayina a zipatso pamene anzake akuphunzira za magetsi ndi kumubera kawiri. Kupatula mwana wofika kumene kwa kanthawi kochepa pa tsiku kuli ndi malo ake, koma kukhale ndi tsiku lothera.

Tsopano ndibwere kwa ife, chifukwa mlandu wina ndi wathu. N'chifukwa chiyani dzanja langa linathamangira English? Ndinakulira m'dziko limene Chingerezi ndi muyezo wa nzeru. Ambiri a ife tikukumbuka masukulu amene woyankhula Chichewa ankalembedwa dzina ndi monitala n'kukatchetcha udzu. Tikudziwa kuti ukalephera Chingerezi pa MSCE satifiketi palibe, ngakhale masamu ndi sayansi utakhoza bwanji. Sukulu imene inkaonedwa ngati yapamwamba kuposa zonse, Kamuzu Academy ya ku Mtunthama yotsegulidwa mu 1981, inatchuka ndi Chilatini ndi Chigiriki, osati ziyankhulo zathu. Munthu akaphonya liwu limodzi la Chingerezi pa wailesi timamuseka mlungu wathunthu. Ndiye ukafika ku dziko la eni chiyankhulo, kuvomera kuti mwana wako sachidziwa mokwanira kumamveka ngati kudzivula pagulu. Kholo la ku Poland kapena ku Romania lilibe manyazi amenewa. Limalemba chiyankhulo chake mosaphethira, mwana wake n'kulandira thandizo mlungu woyamba. Ife, a Commonwealth onyadira Chingerezi, timabwerera m'mbuyo pa mzere. Safunsa anadya phula.

Manyazi omwewo amatitsatira kunyumba. Mabanja ambiri akangofika amalamula kuti m'nyumba muno Chichewa chatha, kuti ana azolowere msanga. Ndaziona zotsatira zake. Mayi wobwera ku ntchito ya usiku, wotopa, amayankhula ndi mwana wake Chingerezi cha malamulo okhaokha: idya, samba, gona, zimitsa TV. Nthano zatha, nthabwala zatha, kufotokoza chifukwa chake mvula imagwa kwatha, chifukwa zimenezo zimafuna chiyankhulo chimene munthu amalota nacho. Mwana amataya Chichewa chakuya n'kulandira Chingerezi chosaya, pamene Chingerezi chabwino akuchimva kale maola asanu ndi limodzi kusukulu. Mwana amene anamvetsa m'Chichewa kuti mbewu imafuna dzuwa, madzi ndi chonde safunika kuphunziranso mfundoyo, amangofunika mawu atsopano oivekera. Ndipo pali agogo kumudzi amene amadikira foni ya Lamlungu. Kumva mdzukulu akuti "hello grandma" kenako chete, n'kupereka foni kwa amayi ake, ndi chinthu chimene sindifunira banja lililonse.

Choncho ndikamakumana ndi makolo ofika kumene, ndimawauza zosiyana ndi zimene ndinauza mlongo wanga. Lembani Chichewa, kapena Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe, chilichonse chimene mwana anayamwira. Mukatero musakhale pansi. Funsani kuti mwana amuyeza liti Chingerezi, ndi ndani, ndipo ali pa khwerero liti pa kumva, kuyankhula, kuwerenga ndi kulemba, chifukwa zinayizi siziyendera limodzi. Funsani kuti amuika gulu liti la masamu ndipo atengera chiyani. Bweretsani makope ake akumudzi ndi malipoti a sukulu. Pakatha teremu funsaninso. Kuno kholo lofunsa saliona ngati lamwano, ndipo ngati fomu munalemba kale molakwika, ku ofesi ya sukulu amakonza.

Kwa boma la kuno pempho langa ndi limodzi: libwezeretse kuyeza kwa makwerero asanu kuja m'masukulu onse, ndipo ndalama zizitsata pamene mwana ali, osati kalendala. Mwana wa mlongo wanga anachita mwayi wokumana ndi mphunzitsi womvetsa, koma chaka chotsatira anapita ku sekondale, kumene aphunzitsi ndi khumi ndi awiri ndipo aliyense amamuona maola ochepa pa mlungu. Tinayambiranso kufotokoza. Pofika 2026 zaka zitatu za kandalama kaja zikhala zitatha. Iye adzakhala ali Year 9, akusankha maphunziro a GCSE, mayeso a kuno ofanana ndi MSCE, ali ndi sewero la Shakespeare m'chikwama, ndipo pa mapepala a boma adzaoneka ngati mwana amene nkhani yake ya Chingerezi inatha kale.